Madisiki a M'katoni ya Sopo

Lolemba
Mzungu wathu wophunzitsa masamu wabwerera kwawo. Wandisiyira kompyuta yakale ndi katoni ya sopo yokhala ndi madisiki khumi, aakulu ofewa aja. Imodzi ili ndi pulogalamu yophunzitsa kutayipa, ndipo ina ngati iyo kulibe m'Salima muno. Ikafa, ana a Fomu 3 aphunzirira pati? Ndikufuna kuikopera pa madisiki atsopano, ndigawireko sukulu za ku Chipoka ndi ku Chinguluwe.

Lachiwiri
Magetsi kulibe. A Mbewe, aphunzitsi a mbiri yakale, andikokera kuseri kwa ofesi. "Achimwene, kodi m'madisikimo muli mayina?" Akuti kwamveka kuti madisikiwa asunga mayina a amene ankaneneza anzawo nthawi ya chipani chimodzi. Ndawafotokozera kwa theka la ola kuti muli zilembo zokha. Akuvomera msanga kwambiri. Sindikukondwa nazo.

Lachitatu
Magetsi abwera. Disiki ija ikungolira krrr, osatsegula. M'mphepete mwake muli timadontho toyera. Ndi chuku kapena chala cha munthu? Amene ndikuwakayikira:
a Mbewe;
a hedi, amene lero andipatsa moni kawiri;
alonda, chifukwa cha makiyi.
Katoni ndapita nayo kunyumba.

Lachinayi
Aphunzitsi atatu abwera kwathu, aliyense payekha, "kungodzakuonani". Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pa Senga Bay, sanabwereko ngakhale nditadwala malungo. Maso awo ali pa kabati. Katoni ili pansi pa bedi.

Lachisanu
Ndafotokozera amayi a kunyumba ndi alamu anga a Yusufu, omwe ndi asodzi, mmene chinyontho cha kunyanja chimadyera disiki. Ndajambula ndi chithunzi chomwe. A Yusufu amvetsera bwino kuposa ana a sukulu. Anthu odalirika alipobe.

Loweruka
Ndapita ku boma kukagula madisiki opanda kanthu. Pobwera ndapeza madisiki anga khumi aja ali pa thandala, pakati pa usipa, padzuwa la mwezi wa Okutobala! Apindika ngati zikopa. "Musadandaule alamu," akutero a Yusufu, "ndawatembenuza masana kuti aume mbali zonse." Ndawathokoza. Ndikanatani? Za chinyontho ndinaphunzitsa bwino. Za dzuwa sindinafikepo.

Lamulungu
Disiki sikulowanso n'komwe m'kompyuta, ndipo ikununkha usipa. Potuluka m'tchalitchi a Mbewe andigwira dzanja ndi manja awiri: "Mwachita zauchikulire, achimwene." A hedi nawonso. Kenako akulu a mpingo awiri, ndi mayi wina wa kwaya amene sindimamuganizira n'komwe. Onse akukhulupirira kuti ndawononga dala.
Mawa ndijambula mabatani a kompyuta pa makatoni, ana azitayipa pamenepo. Mayina munalibe m'madisiki muja. Koma tsopano ndili nawo asanu, ndipo sindikudziwa kuti ndiwasunge pati.