Puleni Yobwereka, Chitseko ndi Apongozi

Pali anthu amene akagwira chida koyamba, manja awo amachizindikira ngati m'bale wawo. Ine sindili m'gulu limenelo, ndipo okhala ku Kanyama, ku Lusaka, a nthawi ya Chitaganya, ngati alipo otsala, akhoza kundichitira umboni. Puleni ya kalipentala ndinaigwirapo tsiku limodzi lokha pa moyo wanga, ndipo tsiku limenelo linakwana.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito yoperekera buledi pa njinga m'tauni ya Lusaka. Mkazi wanga Naphiri ndinamukwatira m'tauni momwemo, amalume ake ndi amene anaimirira zonse, moti mayi ake anali asanandionepo. Mwana wathu Dailesi atabadwa, munthu wina wochokera ku Fort Jameson anatipatsira uthenga woti apongozi akubwera. Uthengawo sunabise mawu. Ankabwera kudzaona ngati mwana wawo akukhala m'nyumba kapena m'khola, ndipo likakhala khola, atenga Naphiri ndi khanda lomwe kubwerera nawo kumudzi. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, choncho ndikanangotsala ndi njinga yanga.

Nyumba yathu inali ya zidina, zipinda ziwiri, ndipo ndinkainyadira. Vuto linali chitseko cha kuchipinda. Mvula ya ku Kanyama sigwa n'kupita, imakhala nanu ngati mlendo wopanda kwawo. Chitsekocho chinamwa chinyezi n'kufufuma, osatsekekanso. Ife awiri tinalibe nazo ntchito. Koma taganizani apongozi atagona pabalaza, mkamwini ali gone kuchipinda, pakati pawo pali pululu. Mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Chitseko chosatseka chinali chokwanira kundichotsera banja.

Ndinapita kwa Ba Mwale, kalipentala woyandikana nafe, bambo wachikulire wochokera ku Nyasalande. Ndinawapeza akumangirira matabwa pa njinga, akuthamangira ku Matero kumene kunagwa maliro ndipo kunkafunika bokosi. Anati abwera mawa lake adzakonze. Ine ndinati apongozi akufika mawa lomwelo, ingondibwerekani zida, ntchito yake ndi yochepa (mawu amenewa ndimawamvabe m'makutu).

Ba Mwale sankabwereketsa chida osakuuza mbiri yake. Anatulutsa puleni yathabwa, yakuda ndi thukuta la manja, n'kunena kuti anapatsidwa ndi mzungu wa kumishoni amene anawaphunzitsa ntchito, ndipo mzunguyo anachokera nayo kwawo pa sitima. Sowo anati ndi yodulira, hamala ndi ya misomali, tchizulo ndi chobowolera ndi kusema thabwa basi, chisakhudze chitsulo. Pansi pa bokosi la zidazo panali kasemasema wosulidwa kumudzi, wa atate awo, amene ankasemera mitondo ndi mipini azungu asanabwere ndi zida zawozi. Ameneyo anakana kundipatsa, anati amadziwa mwini wake.

“Ba neba, mvelani,” anatero akukwera njinga. “Chitseko icho chamwa chabe manzi. Mupala pang'ono, muyesa. Osachosa vambiri.”

Ndinayankha kuti ndamva, ndipo kumva ndinamvadi.

M'mawa mwake ndinazula chitseko n'kuchigoneka panja pa mitondo iwiri. Anzanga, palibe amene anandichenjeza kuti kupala thabwa kumakoma. Ukakankha puleni imalira mokoma, kenako pamwamba pake pamatuluka kachikoko kopyapyala kopiringizika, konunkhira bwino. Ndinakankhanso kuti ndione kena. Azimayi opita kotunga madzi anaima n'kumati kodi ba neba ndinu kalipentala, ine kungotsinzina diso limodzi n'kuyang'ana m'mbali mwa thabwa monga ndinkawaonera Ba Mwale. Chimene ndinkayang'anacho sindikuchidziwa mpaka lero.

Nditachibwezera pamalo pake, chitseko chinakanabe kutseka. Ndinali nditapala pamwamba, pomwe panali posavuta kufikira, chonsecho chinkagwira pansi. Tsopano pamwamba panali mpata woti munthu wamtali akhoza kusuzumira osanyanyamphira.

Ndinachizulanso. Poti puleni inali itandikhumudwitsa, ndinatenga sowo kuti ndidule pansi. Sowo nayo ili ndi maganizo ake. Ndinaiyambitsa pamzere, iyo inasankha njira ina, ndipo pomwe tinkafika kumapeto tinali titasiyana kutali. Nditachiimika, nkhuku ya Naphiri inadutsa pansi pake osawerama.

Naphiri anabwera ndi mwana kumbuyo, anayang'ana pamwamba, anayang'ana pansi, n'kundifunsa mwaulemu ngati pamenepa ntchito yatha kapena ikuyamba. Ndinamuuza kuti ntchito ya amuna saifunsa ili pakati. Anapita kukadikira basi yobweretsa mayi ake.

Apa ndi pomwe nzeru zinandibwerera zambiri nthawi imodzi. Ndinaphwasula bokosi la sopo n'kukhomera timatabwa pamwamba ndi pansi kutseka mipata ija. Kenako, poona kuti m'mbali namonso ndinali nditapalamo mwachisangalalo, ndinakhomeramo kena. Chogwirira cha m'kati ndinali nditachichotsa kuti chisandisokoneze popala, ndipo ndinati ndichibwezera pomaliza. Ndinalowa kuchipinda ndi hamala ndi tchizulo, n'kuyamba kukhomera mahinjesi.

Ndikumenya msomali wotsiriza, ndinamva mawu pabalaza. Basi inali itafika msanga. Nyumba yathu inali ndi khomo limodzi lotulukira panja, ndipo apongozi anali ataima pomwepo. Mkamwini wamakhalidwe akamva apongozi amapatuka, ndiye ine ndinapatukira kuseri kwa chitseko n'kuima chilili ngati tsache.

Naphiri anaganiza kuti ndathawira kwa aneba. Analowetsa mayi ake kuchipinda, anawapatsa mwana, n'kuwauza kuti asinthe zovala za paulendo iye akukatenthetsa madzi. Potuluka, pofuna kuonetsa kuti mwamuna wake ndi munthu wa manja, anakoka chitseko mwamphamvu. Chinatseka. Kunena zoona chinatseka bwino kuposa chitseko china chilichonse mu Kanyama, moti ngakhale mphepo sikanadutsa.

Ndinatsala poyera, hamala ili m'manja. Apongozi anali atandifulatira. Anagoneka mwana pamphasa, anamasula duku, kenako dzanja lawo linapita pa mfundo ya nsalu. Ndinali ndi kanthawi kochepa kosankha pakati pa manyazi aakulu ndi manyazi oti sindikanakhalanso m'dziko muno. Ndinatsokomola.

Sanakuwe. Anamanganso nsalu yawo pang'onopang'ono, anakhala pansi kuyang'ana khoma, nane ndinatembenukira khoma langa. Kenako anayankhula, koma osati kwa ine.

“Dailesi, uwauze bambo ako kuti tawapeza. Uwafunse ngati kuno ku tauni alendo amawalandirira kuseri kwa chitseko.”

Dailesi anali khanda losadziwa ngakhale dzina lake. Komabe ndinaona kuti njira ndi yomweyo.

“Dailesi, uwauze agogo ako kuti afike. Uwauzenso kuti chitsekochi chilibe chogwirira.”

Ndinaitana Naphiri. Atamva mawu anga akuchokera m'kati, anangoti mayo, poto n'kugwa. Anakankha, chitseko osasuntha. Anaitana aneba, ndipo ku Kanyama ukaitana munthu mmodzi amabwera ndi mzere wonse wa nyumba. Amuna anayamba kugunda ndi mapewa, koma zidina zinali zonyowa, moti chimene chinkagwedezeka chinali khoma, dothi n'kumayoyokera pamphasa. Apongozi anauza Dailesi kuti auze bambo ake kuti auze anthuwo aleke, asanatikwirire amoyo. Panja wina ankafunsa kuti, “Bali mo na ndani?” ndipo wina ankayankha mokweza kuti aliyense amve.

Njira inatsala imodzi, kuzula mahinjesi amene ndinali nditangokhoma aja. Ndinalowetsa tchizulo cha Ba Mwale pansi pa chitsulo (inde, chija anati chisakhudze chitsulo) n'kumenya. Chinabenthuka kukamwa, koma hinjesi inasuntha. Vuto linali loti chitseko chikanagwera m'kati, pomwe panali mwana, ndipo manja anga onse anali pa ntchito. Ndinapempha Dailesi kuti afunse ngati pali wina m'chipindamo amene angachigwirizize.

Apongozi anaimirira, anayenda chobwerera m'mbuyo, n'kutsamira chitseko ndi msana, nkhope ili kumbali. Ine ndinagwada pafupi ndi mapazi awo n'kumamenya, maso ali pansi. Sindinayambe ndayandikirapo apongozi chotero, ndipo ndikhulupirira palibe mkamwini wa ku Fort Jameson anayandikirapo. Hinjesi yachiwiri itazuka, tinachitsitsa pamodzi, iwo mbali iyi ine mbali iyo, osayang'anana. Kutsogolo kwathu kunali Kanyama yense, akuona mkamwini ndi apongozi ake akutuluka kuchipinda atanyamulizana chitseko.

Madzulo ake ndinakhala panja, njala ndi mantha zikundidya pamodzi. Ba Mwale anabwera, anayang'ana tchizulo chawo, anayang'ana chitseko, n'kunyamula zida zawo n'kumapita, zomwe zinandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndinkadziwa kuti m'nyumbamo mlandu wanga ukuzengedwa, ndipo ndinayamba kale kuganiza za mmene ndizidzagonera ndekha.

Kenako apongozi anakhala pakhomo ndi mwana pamiyendo, n'kuyankhula mokweza kuti ndimve.

“Dailesi, uwauze bambo ako kuti mayi ako sindiwatenga. Munthu amene anatsokomola pamene akanatha kukhala chete, ameneyo analeredwa.”

Misozi inalengeza m'maso mwanga, sindinama. Koma anali asanamalize.

“Uwauzenso kuti munthu wa manja otere sangasiyidwe yekha ndi mwana. Ndikhala konkuno ndiziyang'anira.”

Ndinkayesa akunena za mpaka mvula itatha. Mvula inatha, inabweranso, Chitaganya chinatha, dziko linasintha dzina, apongozi ali pabalaza. Pakhomo la kuchipinda tinapachikapo chiguduli, ndipo nkhani zathu zonse, za mchere, za tchalitchi, za ndale, zinkadutsa mwa mwana.

Ena amati phunziro lake ndi loti ntchito ya kalipentala izisiyidwa kwa kalipentala. Ine ndimaonabe kuti cholakwa chinali cha mvula. Chimene chimandiwawa n'chimodzi chokha. Ana a anzanga poyamba kuyankhula ankati “amama” kapena “atate”. Wanga, tsiku limene anatsegula pakamwa, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, “Uwauze bambo ako.”