Mmene ndinadzichotsera ndekha paudindo

Anzanga, utsogoleri umatopetsa, makamaka zaka zija matipate atangobwera, aliyense atazindikira kuti pakamwa ndi pake. Ine ndinali wapampando wa kalabu ya alimi a mpunga kwathu ku Liwaladzi, ndipo msonkhano uliwonse unali mlandu wanga. Mbewu ikachedwa ndine, madzi akapanda kufika m'minda ya kumunsi ndine, ngakhale mbalame zikadya mpunga, ndine ndemwe!

Nditafika potopa ndinapangana ndi a Juma, mlembi wathu. Ndinati, "Loweruka ndikanena kuti ndikutula pansi udindo. Inu mukaimirire msanga, mukandichonderere, anthuwa aone kuti popanda ine zinthu sizingayende."

A Juma anati, "Inshallah, musade nkhawa."

Loweruka lakwana, anthu adzaza pansi pa mtengo wa mango, ine ndaimirira nkhope ili yachisoni: "Abale, poti mwatopa nane, ndikutula pansi udindo." Ndicheuke kwa a Juma, pabenchi palibe munthu! Kani anali atathamangira mbuzi zawo zomwe zinalowa m'munda wa eni. Palibe amene anaimirira kudzandichonderera. Kenaka mayi Nabanda, amene munda wawo unali kumapeto kwa ngalande, anayamba kuwomba m'manja, wina kumbuyo nthungululu.

Munthu wanzeru akanangokhala pansi, si choncho? Ine ayi, ndinati mwina ondikonda akungochita manyazi. "Tichite mwa demokalase, tivote. Amene akuti nditule akweze dzanja, chonchi," ndikuwasonyeza. Aaa, manja anangoti njo ngati bango la kudambo, ndipo pakati pake ndinaona chibangili chomwe ndinagula ndekha ku Boma. Mayi a kunyumba! Maso pansi, dzanja m'mwamba.

A Juma atulukira ali wefuwefu, apeza manja onse ali m'mwamba, ndi langa lomwe poti ndinaiwala kutsitsa, nawonso osafunsa, akweza lawo. Kenaka nkuwerenga bwinobwino, nkulemba m'buku: "Onse agwirizana, ndi a wapampando omwe."

Pobwerera ndi mayi a kunyumba, titayandikira kwathu, ndinalephera kupirira. "Mayi, ndi inu nomwe?"

Iwo anati, "Bambo, ndatopa kuphikira tiyi anthu odzakutukwanani."

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira, sindidzaopsezanso anthu ndi chinthu chomwe angachilandire ndi manja awiri.