Abakha Anga pa Sitetasi

Lolemba
Abakha khumi ndi awiri: aamuna atatu, aakazi asanu ndi anayi. Denga la kuchipinda likudontha malo anayi, ndipo mitambo yayamba kuunjikana kumapiri. Ndikagulitsa khumi, malata apezeka. Awiri atsale a mbewu.

Kumsika sindipita, dzuwa la kuno kwa Tengani abakha amafika ali wefuwefu. Ndaika chithunzi chawo pa sitetasi ya watsapu, monga amachitira atsikana ogulitsa zitenje. Ndinaphunzitsa masamu moyo wanga wonse, izi zindikanike? Madzulo ano aona anthu 23!

Lachiwiri
Ndaunika mayina a oonawo:
achibale, 15
amayi a kutchalitchi, 7
wokonza foni, 1.
Kani sitetasi imaonedwa ndi okhawo amene ndili ndi manambala awo? Palibe anandiuza!

Masana kwatsika pa kabaza asewere anga, amake a mkamwini, kuchokera kwa Ndamera. "Ndakuonani pa foni, asewere, mtima wangoti kawaoneni." Ine pachithunzipo palibe. Koma mlendo wotere sungamupatse therere. Ndapha wamkazi, aamuna ndiwo a mtengo wabwino. Atsala 11.

Lachitatu
Asewere sakunyamuka, akuti miyendo. Dzulo anajambula mbale, ntchafu ili pamwamba, n'kuika pa sitetasi yawo. Yawo aona 64; yanga, imene ndikuiikanso tsiku ndi tsiku, 31!

Afika alamu a Fombe, akulu ake a malemu amuna anga, ndi akazi awo. "Mlamu, taona kuti asewere mwawalandira bwino." Wapabanja angachepe kwa asewere? Atsala 10. Za mbewu zija ndaziika pambali.

Lachinayi
Sindikukhazikika, foni ikangoti ngwee ndathamangira. Mauthenga:
oyamikira kunenepa kwa abakha, 9
opempha wa mbewu, 3
wofunsa mtengo, 1.
Ndamuyankha mtengo. Iye: "Aphunzitsi, ndine mwana wanu wa Sitandade 6 uja," ndi kankhope koseka. Basi, zii.

Amayi a kutchalitchi abwera onse asanu ndi awiri, nkhuni pamutu. "Taona anthu achuluka pakhomo, tati mwina pagwa zovuta." Tayimba, tapemphera, tadya awiri. Atsala 8.

Lachisanu
Ndafufuta sitetasi. Abakha ndawatsekera m'bafa. Mmodzi wafa ndi kutentha, tadya. Alamu pokasamba apeza otsalawo. Potsanzika anyamula awiri amoyo: "Mng'ono wangayo akanakhalapo akanandipatsa atatu." Asewere atumiza wina kwa Ndamera pa kabaza: "Si adzukulu anu omwe?" Nditsutse bwanji? Ndi adzukulu angadi.

Atsala 4. Kunja kwagunda kawiri.

Loweruka
Wogula weniweni! Bambo wa lesitilanti ku Ngabu. Akuti waona mbale ija pa sitetasi ya asewere, wafunsira njira mpaka wafika. Akufuna khumi, lero lomwe. Ndamuonetsa anayi. "Amayi, anayi okha ndiye ndangokwerera galimoto pachabe."

Wakhala pansi pa mtondo, thukuta kamukamu, sanadye chichokereni m'mawa. Asewere, mokweza ndithu: "Munthu wachokera ku Ngabu abwerere ndi njala?"

Wanyambita zala. Akuti bakha wotere sanadyepo, ndidzamuyimbire akakwana khumi. Atsala 3.

Lamulungu
Mvula yagwa tili kutchalitchi. Kuchipinda mabeseni anayi, poto mmodzi. Malo odontha tsopano ndi asanu.

Ndapita kukhola kukawerenga. Atatu, onse aamuna. Ndinawasunga ndekha, mwadala, ndi masamu anga. Khumi a bambo wa ku Ngabu adzaikiridwa ndi ndani?

Abakha eni akewo mvulayi aikonda. Alowa m'nyumba, aliyense wadzisankhira beseni. Asewere akuwajambula, akuti aike pa sitetasi. Ndawauza aike. Ndasuntha mkeka wanga kukona youma, pambali pa wawo. Akuti msewu wa kwa Ndamera wachita matope, anyamuka ukauma.