Lamineti ya a Tiganizekaye

Tsiku loyamba kuwaona alamu anga, ndidawapeza ataima pakati pa mipando iwiri pabalaza pathu, chipewa chili m'manja, thukuta lili kamukamu. Adali atabwera kudzacheza ndi mlongo wanga. Ine ndidati, "Khalani pansi, achimwene." Iwo adayang'ana mpando wakumanja, adayang'ana wakumanzere, n'kunena kuti, "Tiganize kaye." Tiyi adabwera, adazizira, munthu ali chiimire. Dzina lidabadwa tsiku lomwelo, ndipo mpaka pamene adatisiya, mumsewu wathu wonse ankangowadziwa kuti a Tiganizekaye.

Mmene adakwatirira musandifunse. Ndimakhulupirira kuti mlongo wangayo adangotopa n'kuwagwira dzanja. Wometa tsitsi wa pakona ankalumbira kuti alamu ankatuluka m'nyumba yake tsitsi litakula kuposa mmene adalowera, chifukwa choganizira mametedwe. Zonsezo tinkangoseka. Koma nkhani imene idandiphulitsa imvi ine ndi ya pansi pa pabalaza pawo.

Paipi ya madzi idaphulika iwo ali paulendo, kapeti n'kuola. Tidaitulutsa ikununkha ngati galu wonyowa. Kunsi kudatsala simenti yakalekale, yong'alukang'aluka, yozizira ngati mwala wa m'chitsime. Mlongo wanga ankadwala nyamakazi, ndipo pasanapite nthawi mawondo adatupa. Iye adapempha chinthu chimodzi chokha: lamineti, timatabwa tosalala tija tolumana tokhatokha, timene adationa kunyumba kwa mwana wawo wamkazi.

Njira zidalipo ziwiri. Kudali shopu yaikulu imene inkagulitsa timatabwato n'kutumiza anthu ake odzayala. Kudalinso mmisiri woima payekha, wotchedwa Kapensulo chifukwa cha kapensulo kosachoka kukhutu kwake, amene ukagula wekha timatabwa ankabwera kudzakuyalira. Njira ziwiri! Mwana wakhanda akanasankha asanamalize kuyamwa.

"Alamu, tiperekezeni," adatero a Tiganizekaye. "Maso anayi aposa awiri."

Kushopu tidalandiridwa ndi bambo wa tayi, wa mano oyera ndi pakamwa pothira mafuta. "Ife, bwana, timapereka chitsimikizo," adatero. "Thabwa likatukuka, mumangoimba foni. Nanga amisiri a m'misewuwa? Lero muli naye, mawa foni yake ikungolira m'thengo."

Alamu adagwedeza mutu. "Zoona zimenezo. Kampani siithawa."

Ndidati basi zatha. Koma pobwerera tidakumana ndi Kapensulo akumangirira macheka panjinga.

"Chitsimikizo?" adaseka iye. "Madala, pepala silimayala pansi, amayala ndi manja. Ine nkhope yanga ndi iyi, kwathu mukukudziwa. Kushopu mukudziwa amene adzakutumizireni? Mwina ndi munthu amene dzulo ankagulitsa makatani."

Alamu adagwedezanso mutu. "Zoonanso zimenezo. Tiganize kaye."

Kuganizako sikudali kwa chete ayi. Kudali kwa miyendo, ndipo miyendo ina idali yanga. Tidayenda nyumba zimene Kapensulo adayala, tidayenda nyumba zimene shopu idayala. Alamu ankagogoda pakhomo pa anthu osawadziwa, chipewa m'manja: "Pepani mayi, tabwera kudzaona pansi panu." Akalowa ankavula nsapato, n'kuyenda chotsinira uku ndi uku, kumvetsera ngati thabwa likulira. Kwina adagwada n'kuika khutu pansi, mwini nyumba mpaka adafunsa ngati tabwera ndi wodwala. Potuluka ankandinong'oneza, "Za shopuzi zalumana bwino. Koma za Kapensulo nazonso zalumana bwino." Ndipo ankanena ndi nkhope yachisoni, ngati wamva uthenga wa maliro.

Kunyumba adadzaza zidutswa za zitsanzo: zofiirira, zotuwa, zonga uchi. Adazithira tiyi wotentha, adazikanda ndi foloko, adakokerapo mwendo wa mpando. China adachiviika m'ndowa kuti aone ngati chitupe. Chitatupa adakwiyira shopu, chitauma adaikhululukira.

Tsiku lina, mwa kuiwala, adaitana onse awiri nthawi imodzi kuti adzayeze chipinda. Bambo wa tayi adayamba kukhoma la kuzenera, Kapensulo kukhoma la kukhomo, matepi awo n'kupingasana pakati ngati njoka ziwiri. Mlongo wanga adakhala pampando, mapazi atawakweza pakatoni, akungowayang'ana.

"Mwayeza kangati chipinda chimenechi?" adafunsa. "Kodi chimakula usiku?"

"Mayi a mwana, kuona maso a nkhono n'kudekha," adatero alamu.

"Nkhono yake yafa kale, bambo inu. Mukuyang'ana chigoba."

Nyengo yozizira idadutsa, yotentha idadutsa, yozizira ina idayamba kununkhira. Mtundu wa timatabwa umene adaukonda poyamba udatha kushopu, ndipo kuganiza kudayambiranso pachiyambi. Ine ndidalankhula mpaka malovu kuuma. Ndidati, "Alamu, mapanga awiri avumbwitsa." Iwo adati, "Eya, koma phanga lolakwika limagwera munthu." Munthu wotere mungamutani?

Mmawa wina ndidaitanidwa. Ndidapeza mlongo wanga atavala juzi, chikwama chili pakhomo, mwana wawo akudikira m'galimoto. Sadakalipe. Adangoti, "Achimwene, ndinyamulireni chikwamacho. Mawondo anga sangathenso kudikira msonkhano. Ndikupita kumene kuli pansi pofunda. Pano pakayalidwa mundiuze." Adatembenukira kwa mwamuna wake: "Ndiwo zili m'mapoto awiri. Musafe ndi njala posankha."

Galimoto itachoka, alamu adaima pasimenti paja ngati mtengo wouma. Anthu awiriwa sadagonepo nyumba zosiyana kuyambira ukwati wawo, kupatula kuchipatala. Ndidaganiza kuti tsopano athamanga. Ha! Adatulutsanso zitsanzo zija n'kuzindandalika patebulo.

Apo mtima wanga udaphulika. "Alamu, ine ndakalamba. Nsapato zanga zatha chifukwa cha inu. Mlongo wanga wachoka m'nyumba mwake, osati chifukwa cha mowa kapena mkazi wina, koma thabwa! Anthu akandifunsa ndidzayankha chiyani? Sankhani lero, apo ayi ndikukasankhirani ine, ndipo ndisankha zobiriwira."

Alamu adasiya zitsanzo zija. Kenaka adalankhula motsitsa mawu, "Ndimaopa kumulakwitsira, alamu. Adzapondapo moyo wake wonse."

"Panopa akuponda kwa eni."

Mawu amenewo ndiwo adawadzutsa. Adavala chipewa, tidapita kushopu, adasaina ngati akusainira kudulidwa mwendo. Pobwerera adandikokera kunjira ina yozungulira, kuopa kukumana ndi Kapensulo. "Ndamuchita chipongwe mwana wa eni," ankangobwereza. "Ndidzamuyang'ana bwanji?"

Tsiku loyala lidafika. Galimoto ya shopu idaima pageti, chitseko chidatseguka, ndipo adatsika munthu wovala malaya a shopu, kapensulo kali kukhutu.

"Mwadzuka bwanji, madala?" adatero Kapensulo.

Alamu adagwira geti. "Iwe! Ukutani m'malaya amenewo?"

"Ntchito ikawachulukira a shopu amaitana ine. Nyumba zija munkati za shopu zalumana bwino, zambiri ndinayala ndine."

"Nanga bwanji osanena?"

"Ndikananena mukanabwera kwa ine? Komanso simunafunse. Munkafunsa za matabwa."

"Nanga uja wa tayi, amene ankati amisiri a m'misewu amathawa?"

"Ndi amene wandiimbira foni."

Ndidaseka mpaka kukhala pansi pa msewu. Koma nditakweza maso ndidaona milomo ya alamu ikuyamba kusuntha, ndipo ndidadziwa chimene chikubwera. "Ngati zili choncho," adayamba, "ndiye kuti tikanangomutenga yekha. Mwina tibweze katunduyu, tigani..."

Sindidawalole kumaliza. Ndidawagwira mkono, ine nkhalamba, iwo nkhalamba, n'kuwakokera kwa wometa wa pakona. Ndidamuuza wometayo kuti, "Awa akufuna kumeta. Afunseni mametedwe ake, ndipo musawafulumizitse." Pamene tinkabwerera madzulo, pabalaza padali patayalidwa mpaka kukhomo, pakuwala ngati uchi m'mbale.

Mlongo wanga adabwera mawa lake. Adavula nsapato pakhomo, adayenda pang'onopang'ono mpaka pakati, adaima. Alamu ali pambali, chipewa m'manja, akudikira chiweruzo.

"Nanga makatani awa akugwirizana ndi pansipa?" adafunsa mlongo wanga.

Ndidatuluka chothawa ndisanamve yankho.

Tsopano adapita, alamu anga. Wometa akuti ntchito ikutha msanga masiku ano, ndipo sakukondwa nazo. Kushopu kulibenso wokapempha zitsanzo. Ine nsapato zanga zikukhalitsa, koma ndilibe kopita nazo. Ndikadutsa pakona ndimapezeka ndachepetsa liwiro, ngati pali wina kumbuyo amene waima kuganizira mbali ya msewu yoti ayende.

Chaka chawo chomaliza, miyendo ya mlongo wanga idali itakaniratu, nawonso alamu mpweya udali wochepa. Mmawa wina ndidalowa osagogoda. Ndidapeza atamanga masokosi akale kumiyendo ya mpando wa mkazi wawo, mayiyo ali pompo ndi bulangeti pamawondo, iwo ali kumbuyo akukankha. Mpando unkatsetsereka palamineti paja mwakachetechete, kuchoka patebulo kulowera kuzenera kumene kudagwa kadzuwa. Ndidamva kuti ankachita zimenezi tsiku lililonse: dzuwa likasuntha, nawonso ankasuntha mpando.

Pakati pa chipinda adaima kuti apume, adandiona, adayang'ana pansi nthawi yaitali.

"Alamu," adatero akupuma mwabefu, "kodi tikanatenga timatabwa totuwa tija, sitikanaterera bwino kuposa timeneti?"

Mlongo wanga sadacheuke n'komwe. Adangokweza dzanja n'kugwira zala zawo pamsana pa mpando.

"Kankhani, bambo inu," adatero. "Dzuwa likuthawa."