Chotchinga cha Akakowa

Lolemba

Lusiya akubwera Loweruka!

Waimba m'mawa ndili pantchito, manja ali thovu lokhalokha. Mnzake wa kusukulu akukwatiwa kuno, ndiye akwera basi ya usiku ku Mzuzu, afika Loweruka m'mawa, abwerera Lamulungu. Ndamufunsa kogona. Akuti, "Mwina kwa amayi aang'ono ku Chilomoni, ababa, poti kwanuko ndi chipinda chimodzi." Ndayankha msangamsanga kuti malo alipo. Waseka, akuti tiona.

Mwanayu sakunama. Chimwalirireni amayi ake, ine ndinalowa m'kachipinda kano ku Ndirande, iye n'kukakulira ku Chilomoniko kwa alamu anga a Joana. Zaka zisanu ndi zinayi sanagonepo pansi pa denga langa. Ndipo mwana wamkazi wamkulu, namwino wathunthu, sangagone chipinda chimodzi ndi bambo ake popanda chotchinga. Kwathu ku Nsanje nkhani imeneyo sitiiyamba n'komwe.

Anzanga pamdadada pano amangomanga waya n'kupachika chitenje. Ine ayi. Chitenje chimakupizika ndi mphepo, ndipo Lusiya sangasiye nyumba ya siling'i ku Chilomoni chifukwa cha chitenje.

Ndili ndi buku. Ndinalipeza pansi pa mpando wa galimoto ina, mwa zija zimabwera zakale kuchokera ku Japani, kuyadi komwe ndimatsuka magalimoto ku Kameza. Timapezamo zambiri: maambulera, timitengo todyera, tsiku lina mano oikirira. Zolemba zake sindiziwerenga, koma zithunzi ndimaziwerenga bwino. Pakati pa bukulo pali chotchinga cha zitseko zisanu ndi chimodzi zolumikizana, choima chokha mokhotakhota, chagolide chonse, pali mtengo wa paini ndi mbalame zoyera zazitali miyendo ngati akakowa. Chimenecho ndicho ndikupanga.

Zofunika:
matabwa (mapaleti a kuyadi)
makatoni
matumba a simenti
ufa wa chinangwa wophikira zomatira
penti yagolide
luso (tiona)

Lachiwiri

Chiperoni chayamba. Phiri silikuoneka n'komwe.

A Nyirenda, aneba anga a khomo lachitatu, anali kalaliki m'boma ndipo palibe chimene sadziwa. Andipeza ndikukhoma matabwa pakhonde, atenga buku, avala mandala. Kumapeto kwake kuli tizilembo ta Chingerezi, ndiye akundiwerengera ngati chigamulo cha kukhoti. Chotchingacho akuti n'chakalekale, cha m'nyumba za mafumu. Mtsuko woyera wobulungira wa patsamba lina akuti si wa ku Japani, ndi wa ku Koreya, amaumba theka ndi theka n'kulumikiza, n'chifukwa chake wapendekeka pang'ono. Kambale kakuda kopotoka ka pambali pake n'komwera tiyi.

"Kumeneko mbale ikapotoka amaiika m'galasi, anthu n'kumabwera kudzaiona," atero a Nyirenda.

Nkhani imeneyi yandisangalatsa kwambiri, chifukwa mafulemu anga onse asanu ndi limodzi apotoka.

Ndawalowetsa m'nyumba. Sakukwana! Ndinayesa matabwa, ndinayesa makatoni, chipinda chokhacho ndiye sindinayese. Ndikawaimika onse, lachisanu likutsamira zenera, lachisanu ndi chimodzi lili panja kudikira minibasi. Awiri ndawachotsa. Zitseko zinayi si zochepa ayi.

A Nyirenda akuti, "Bwanji osangopachika chitenje, achimwene?" Ndawathokoza chifukwa cha maganizo.

Ndadya ndekha, nditakhala pafulemu lotsala.

Lachitatu

Ndaphika phala la chinangwa mphika wathunthu, ndamata matumba a simenti pamakatoni. Mayi landilodi adutsa, anunkhiza, akuti, "Kani mwayamba kudya kondowole?" Ndawauza kuti ndi guluu. Ayang'ana mumphika, ayang'ana ine, apita.

Phalalo silikuuma. Chiperoni chikungowaza, dzuwa latenga tchuthi. Mapepala atupa ngati mandasi. Ndalowetsa zonse m'nyumba, ndayatsa mbaula, ineyo ndakhala pakhomo chifukwa malo atha.

Penti yagolide mumsika wa Ndirande mulibe. Ndazungulira mahadiweya asanu. Wina wandifunsa ngati ndikupenta bokosi la maliro. Potsiriza mmisiri wowongola magalimoto wandipatsa yachikasu yotsala kuminibasi, akuti ikauma imawala ngati golide. Yauma pachala changa. Ikuwala ngati minibasi.

Alamu anga a Joana aimba. "Tamva kuti mukumanga nyumba ya zipinda ziwiri, alamu. Musavutike, bedi la Lusiya tayala kale kuno." Akuseka, ndipo kumbuyo kwawo ndikumva ana, wailesi, mbale zikugundana. Sindiwada ayi. Anandilerera mwana nthawi imene ine sindinkatha ngakhale kudzilera ndekha. Koma foni itaduka, m'nyumba muno munali zii, ndipo ndinachita nsanje. Ndalemba kuti ndisaiwale kukaulula kwa ansembe.

Mutu ukuwawa ndi fungo la penti.

Lachinayi

Makoswe!

Adya chitseko chimodzi chathunthu, kuyambira pansi mpaka pofika msinkhu wawo, kenako n'kukwera kukamaliza chapamwamba. Zaka zonsezi m'nyumba muno simubwera mlendo, lero ndaphika phala la chinangwa abale abwera ndi ana omwe. Zatsala zitseko zitatu.

Sindinapite kuntchito, ndatumiza uthenga kuti ndadwala chimfine, ndipo pofika masana bodzalo lakhala loona.

Ndayamba kujambula. Paini ndatha, ngakhale akufanana ndi tsache loimika chadodolido. Mbalame ndiye nkhondo. M'bukumu wojambulayo anangokhwatcha kawiri katatu, khosi, phiko, mwendo, mbalame n'kuima ngati ipuma. Ine ndakhwatcha kakhumi.

Zimene anthu aona pa kakowa wanga woyamba:
mayi landilodi: nkhuku yodwala chitopa
a Nyirenda: mapu a dziko lino
wogulitsa makala: ketulo

Palibe amene wati kakowa. Ndapaka yachikasu pamwamba, ndayambanso. Wachiwiri wafanana ndi ketulo kuposa woyamba.

A Nyirenda anditsegulira masamba a kumapeto, komwe kuli zithunzi za mvula, milatho ndi amayi onyamula maambulera. Akuti zimenezi sankajambula chimodzichimodzi. Ankasema pathabwa, kupaka utoto, n'kudinda papepala, thabwa limodzi zithunzi zambirimbiri. Nzeru zake zimenezo! Ndingovutika ndi mbalame imodzi basi, zinazo zibadwe zokha.

Thabwa la paleti landikana, mpeni wapindika, chala ndamanga kansanza. Ndatenga patapata wanga wakumanzere. Ameneyu ndiye wofewa ngati sopo. Ndajambulapo chithunzi cha m'mutu mwanga, ndasema pang'onopang'ono madzulo onse, ndipo kunena zoona watuluka kakowa. Kubafa ndikupita ndi patapata mmodzi ndi nsapato ya kutchalitchi.

Ndamutumizira Lusiya uthenga: "Malo akonzeka." Wayankha: "Ok ababa."

Ndawerenga kasanu. Sakuti inde, sakuti ayi.

Lachisanu

Ndadinda akakowa khumi ndi anayi ndi penti yoyera. Ndaima patali kuti ndione.

Onse atembenuka! Ndinasema woyang'ana kumanja, kuti aziulukira kupaini, cha kubedi. Papepala onse ayang'ana kumanzere, akuthamangira kukhomo ngati amva kuti m'nyumba mwabuka moto. A Nyirenda akuti, "Inde, chodinda chimatembenuza, zimenezo n'zodziwika." Zodziwika, koma dzulo anali pompano akundiyang'ana ndikusema.

Kusemanso sindingathe, patapata winayo ndikumufuna.

Mahinjesi a m'buku akuti ndi a pepala. Ine pepala ndathana nalo, ndadula malegeni n'kukhomera. Chaima! Chaima chokha, mokhotakhota, ngati cha m'buku mukachiyang'ana mutatsinzina diso limodzi. Ndaitana mayi landilodi kuti adzaone. Atsegula chitseko, mphepo yalowa, chotchinga chagwada pang'onopang'ono ngati chikupereka moni, n'kugwera pambaula.

Tazimitsa ndi madzi a mundowa. Chitseko cha paini chapita. Zatsala ziwiri, akakowa asanu ndi anayi, opanda mtengo woteramo.

Ziwirizo ndazichirikiza ndi njerwa. Zikutchinga bedi kuyambira kumutu mpaka kumawondo, kotsalako ndamanga waya n'kupachika shiti. A Nyirenda aona wayayo, angotsokomola basi. Mulungu awadalitse.

Mbali ina ya chitseko yatsala yachikasu chokhachokha, penti yoyera yatha. A Nyirenda akuti zili bwino, ojambula a kumeneko amasiya dala malo opanda kanthu kuti maso apume. Ndawauza kuti malo opanda kanthu ndimawadziwa, ndakhala nawo zaka zambiri. Aseka, ine ndasekanso, koma sindimanena zoseka.

Ndayala bedi ndi bulangete labwino lija. Ndaika kandulo, sopo watsopano, kapu yatsopano. Mphasa yanga ndayala mbali ino, pafupi ndi khomo. Nkhuku ndagula, yamangidwa kuseri kwa nyumba.

Loweruka

Wafika cha m'ma seveni, atanyamula chikwama ndi diresi m'pulasitiki. Watalika, kapena ndine ndafupika.

Walowa, waima, wayang'ana chotchinga. Kenako wayamba kuseka, mpaka wakhala pansi pamphasa yanga, misozi ili mbwembwembwe. "Ababa, amenewa ndi masizasi?" Ndamuuza kuti ndi akakowa a ku Japani. Wasekanso. Ndamuonetsa buku, ndamuonetsa patapata. Pa patapatapo ndiye kuseka kwatha, wangomugwira m'manja n'kumamutembenuza.

Tamwa tiyi. Nthawi yovala itakwana ndanyamuka kuti ndikaime panja. Akuti, "Khalani, kunja kukuzizira. Nanga ntchito ya chimenechi n'chiyani?"

Ndiye ndakhala pampando, nkhope kukhomo, iye kuseri. Ndikumva zipi, hang'ala, botolo la mafuta likutsekulidwa, munthu akuyenda m'nyumba mwanga. Ndinali nditaiwala kuti phokoso limeneli limamveka bwanji.

Ndipo walankhula. Pamaso timangofunsana za ulendo ndi za mvula, koma kuseri kwa katoni wandifunsa ngati ndimadya, ngati mankhwala a BP ndimamwa. Kenako akuti, "Ndili mwana ndinkaganiza kuti munanditumiza ku Chilomoni chifukwa simunkafuna kundiona." Ndamuuza kuti ayi, ndinkaopa kuti ndimulera molakwika, mwana wamkazi wopanda mayi m'chipinda chimodzi. Ndamuuzanso kuti Lamulungu lililonse ndinkafika mpaka pasiteji ya ku Chilomoni, masiku ena n'kubwerera pomwepo chifukwa cha manyazi, ndilibe chomutengera. Kenako akuti, "Mukanangobwera chimanjamanja." Ndati inde.

Mawu amenewa sindikanawatha akundiyang'ana.

Watuluka atavala diresi lobiriwira, wokongola zedi, penti yachikasu pang'ono pachigongono. Chikwama wachisiya pabedi. Wachisiya! Munthu sasiya chikwama komwe sakagona.

Nkhuku ndapha. Mpunga ndaphika. Ndasesa kawiri. A Nyirenda ndawauza kuti chikwama chili pabedi, mayi landilodi ndawauzanso, wamakala yemwe.

Cha m'ma sikisi waimba, kumbuyo kuli zoimbaimba. Madyerero achedwa kutha, a Joana ali komweko ndi galimoto, akuti mtsikana asayende mu Ndirande kutada atavala za ukwati. "Musadandaule ababa, chikwama ndidzatenga m'mawa."

Ndati palibe vuto, alamu akunena zoona. Ndipo akunenadi zoona, n'chimene chikundipweteka.

Nkhuku ndagawira a Nyirenda ntchafu zonse ziwiri. Alandira osafunsa.

Lamulungu

Wabwera m'mamawa, galimoto ya alamu ikulira panjira, basi ya ku Mzuzu siidikira munthu. Mphindi zisanu. Walowa kuseri, watenga chikwama, waona kandulo ndi kapu ndi sopo wosatsegula. Nkhuku yotsala ndamumangira m'kontena kuti akadye m'basi.

Pakhomo watembenuka, wayang'ana masizasi aja. "Musachiphwasule," akutero. Hutala yalira, wathamanga.

Ku Misa ndachedwa, ndakhala benchi lakumbuyo. Za nsanje zija sindinaulule, mzere unali wautali.

Dzuwa latuluka lero, sabata yonse litakana. Zonse zauma gwa. Chitseko chimodzi chayamba kupindikira kutsogolo, ndawonjezera njerwa. Mayi landilodi akuti chikuitana makoswe, ndichotse. Ndawauza kuti mwini wake wakana.

Zotsala:
zitseko ziwiri
akakowa asanu ndi anayi
patapata mmodzi
chimfine
theka la chipinda

Sananene kuti abweranso liti, ine sindinafunse. Msana ukuwawa, simenti yozizira ya mwezi uno si yamasewera. Koma bedi lili mbali yake, ndiye ndipitiriza kugona pamphasa.