Chipewa Changa cha Mabowo Awiri

Temu inatha kale ndipo ndili kwathu kufupi ndi Sinda, koma ndikamalemba izi masaya akutenthabe. Amene munali m'holo ya pasukulu pathu tsiku lija mukhoza kudumpha tsamba lino. Ena nonsenu khalani pansi ndikuuzeni za chipewa.

Zinayamba ndi foni ya Esnart, mnzanga wa bedi loyandikana ndi langa kuhostelo. (Mafoni ndi oletsedwa, choncho musandifunse kumene amaibisa.) M'fonimo munali kavidiyo ka akazi akunja oonetsa zovala. Ine ndinali ndisanaonepo zotero chibadwire. Akazi aatali ngati bulugama, akuyenda pakanjira koyera kowala, phazi kuponda kutsogolo kwa linzake, nkhope ili gwa. Anthu akuwajambula uku ndi uku, iwo osayang'ana munthu. Wina anavala malaya a mapewa otukumuka ngati mapilo. Wina anavala chipewa chonenepa chofika m'nsidze, tsitsi likutulukira m'mbali. Ndinagwira pakamwa. Kwathu mkazi akamayenda choncho amamufunsa kuti wayambana ndi ndani, koma kumeneko amamuombera m'manja.

Sabata yomweyo a Sisitala, amene amatiphunzitsa kusoka ndi kuphika, analengeza kuti potsekera sukulu kudzakhala chionetsero cha zovala. Atsikana atatu opambana adzapita ku Chipata temu yotsatira kukaonetsa pamodzi ndi sukulu zina. Lamulo linali limodzi: chovala chikhale chosoka wekha kapena cha pasalaula, zovala zovalidwapo kale za pamsika. Ine ku Chipata ndinapitako ndili wamng'ono kukachotsa dzino, ndipo chimene ndimakumbukira ndi denga la chipatala chabe. Ndinauza mtima wanga kuti pa atatuwo ndikhalapo.

Loweruka lomwe amatilola kutuluka, ine ndi Esnart tinapita kumsika wa Katete. Amene sanavundukulepo mulu wa salaula sadziwa kuti dziko lonse limabwera kwathu litamangidwa m'belo limodzi. Ndinapeza diresi lobiriwira ndi lamba wonyezimira. Kenaka dzanja langa linakhudza chinthu chofewa pansi penipeni pa mulu. Ndinachikoka. Chinali chofiirira, chokhuthala ngati muli thonje m'kati, cha maluwa opeta ndi ulusi wagolide, pamwamba pali kampira ka ulusi. Chimodzimodzi cha mkazi wa m'vidiyo uja, kungoti changa chinali ndi mabowo awiri m'mbali, lina laling'ono lozungulira, lina lalitali.

"Amai, ichi n'chiyani?" ndinafunsa amai ogulitsa.

Anachitembenuza, nalowetsa chibakera m'kati. "Mutu ukulowa?"

Ndinayesa. "Ukulowa."

"Ndiye chipewa, mwana wanga."

"Nanga mabowowa?"

"Azungu amatuluka thukuta m'makutu."

Esnart anaseka. "Amai, si za makutu izi. Iwe, sunaone m'vidiyo muja? N'potulutsira tsitsi. Manje ukachisiya nditenga ndine."

Ndinachikumbatira ngati khanda mpaka kusukulu.

Masiku otsatira ndinkayeserera kuseri kwa hostelo, pakati pa zingwe zoyanikapo zovala. Esnart anandiluka tsitsi n'kuligawa pawiri, chingwe chowonda kutulukira bowo laling'ono, mtolo waukulu kutulukira bowo lalitali. Anandiphunzitsanso maimidwe a kumapeto: dzanja lina m'chiuno, lina m'mwamba pang'ono, chikhatho chitapindika. Chimene chinkandidabwitsa ndi mmene chipewacho chinkasungira kutentha. Kunali kozizira, anzanga akunjenjemera m'majuzi, ine thukuta likutsika m'khosi. Ndinkati m'mtima, anthu akunjawa ndi anzeru bwanji.

Tsiku linafika. M'holo anayala zitenje pakati kuti zikhale kanjira, atsikana atadzaza mabenchi mbali zonse. Kumapeto kwa kanjirako kunali tebulo la oweruza, a Sisitala ali pakati pa aphunzitsi awiri. Anzanga anayenda bwino ndithu, ngakhale ambiri ankangoseka ndi manyazi. Atanditchula ndinaumitsa nkhope n'kulowa.

Holo yonse inati zii. Ndinamva ngati kanjira kaja kayera, ngati zitenje zasanduka magetsi. Ndinaganiza kuti umu ndi mmene amamvera akazi aja. Ndinayenda, phazi kutsogolo kwa linzake, maso patsogolo, mpaka tebulo linayamba kuoneka bwino.

Patebulopo, patsogolo pa a Sisitala, panali tipoti. Ndipo tipotiyo inali itavala chipewa.

Cha iyo chinali chabuluu ndi chothaitha, koma mtundu wake unali womwewo, mpaka kampira ka pamwamba. Pabowo laling'ono panatulukira mlomo wa tipoti, ukufuka nthunzi. Pabowo lalitali panatulukira chogwirira. (A Sisitala samwa tiyi wozizira. Izi sukulu yonse imadziwa, koma tipoti yawo sinkatuluka m'nyumba ya masisitere.)

Kumbuyo kamtsikana kena ka Giredi 8 kanalankhula ndi mawu oonda, omveka holo yonse. "Onani, tipoti inzake yabwera."

Kuseka kumene kunabuka sindinakumvepo. Ena anagwa pamabenchi. Mphunzitsi wina anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Miyendo inkandiuza kuti thawa, koma ndinakumbukira akazi aja, ndinakumbukiranso Chipata. Ndinamaliza kanjira konse. Nditafika patebulo ndinaima monga tinayeserera, dzanja lina m'chiuno, lina m'mwamba chikhatho chitapindika. Apa ndiye holo inaphulika. Esnart anadzandiuza pambuyo pake, misozi ili m'masaya, kuti pamenepo ndinali nditakwanira: chogwirira uku, mlomo uku, kungosowa kapu.

A Sisitala okha sanaseke. Anathira tiyi m'kapu mwawo pang'onopang'ono, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wanga, mutu sunazizire?"

"Ayi, a Sisitala. Ukadali wotentha."

"Ndiye chikugwira ntchito."

Ndinatembenuka n'kubwerera kanjira komweko, nkhope ili gwa, thukuta likudontha pachibwano. Ndinakalirira kuseri kwa chitseko.

Poitana maina a opambana ndinali nditavula kale lamba. Dzina loyamba, lachiwiri, kenaka langa. Ndinayesa kuti akupitiriza kundiseka, mpaka Esnart anandikankha kuti ndiimirire.

"Munthu amene angayende holo yonse ikumuseka, osakhota phazi, Chipata sangamuopse," anatero a Sisitala. "Koma chipewacho chitsale kuno. Cha tipoti yangayi chatha m'mbali."

Choncho temu ikubwerayi ndikupita ku Chipata, ndipo chipewa changa chili m'nyumba ya masisitere, chikufunditsa mwini wake weniweni. Dzina langa pasukulu tsopano ndi Tipoti. Ngakhale aphunzitsi a masamu anaiwala n'kundiitana choncho potsazikana.

Ndinalonjeza kuti chinthu cha pasalaula ndizichifunsa bwino ndisanachivale. Koma dzulo pamsika wa Sinda ndapeza ndolo zazikulu zagolide, zozungulira, iliyonse ili ndi kokowera kake. Amai akuti ndi mphete zopachikira makatani, chifukwa zinali zambiri m'kathumba kamodzi. Mwina akunena zoona. Koma mukanaona mmene zikuwalira ndikatembenuza mutu padzuwa.