Bwana Andikonzera Khodi

Lolemba
Ndalonjeza chinthu pamsonkhano. Ndati lipoti la mvula la bungwe lathu la alimi a tiyi likhala lamoyo: m'chikalata chomwe timalembamo mawu muzikhalanso timabokosi ta khodi, malamulo ouza kompyuta zochita. Munthu akasankha dera n'kudina batani, galafu, mzere woonetsa kuchuluka kwa mvula, izisintha yokha pompo. A Makwinja, bwana wanga, agwedeza mutu. "Loweruka kukubwera alendo a ku Blantyre. Adzaone zimenezo." Ntchito ino ndidakali pa miyezi yoyeserera. Ndinatsegulirenji pakamwa?

Lachiwiri
Zikuyenda! Ndadina Thuchila, mzere wakwera. Limbuli, watsika. Ndadinanso, ndadinanso, mpaka tiyi wandizizirira. Chikalata ndawatsegulira a Makwinja kuti alembemo mawu oyamba. Mawu oyamba okha.

Lachitatu
Timabokosi tonse tafiira, khodi sikuyendanso. A Makwinja kale ankaphunzitsa Chingerezi, ndiye khodi ija aiwerenga ngati chimangirizo cha mwana wa sukulu. Zomwe achita:
- zilembo zazikulu poyambira mzere uliwonse
- mpumiro kumapeto kwake
- mipata ya kumayambiriro achotsa yonse, akuti ndi uve
"Chingerezi chako chikudwala, mwana wanga, koma ndachichiza." Ine ndathokoza. Mpaka kuwomba m'manja!

Lachinayi
Ndabwezeretsa zonse, mzere ndi mzere. Ndayesa kuwauza mwaulemu kuti za m'mabokosizo si za anthu, n'za kompyuta. "Nanga zikufunanji m'lipoti la anthu?" Masana Che Asiyatu, mlembi wathu, andifunsa ali pa makina osindikizira: "Achimwene, alimi atenga mapepala kunyumba. Akadina pati?" Zimenezo sindinaziganizepo.

Lachisanu
A Makwinja alowamonso. Akuti alimi ambiri Chingerezi sachimva, ndiye amasulira khodi yonse m'Chichewa. Pomwe panali lamulo louza kompyuta kujambula, alembapo "chonde jambulani". Tonse tikulemba m'chikalata chimodzi, china chosungira ndilibe. Nditati ndibwezeretse khodi ya dzulo, magetsi thii! Ndathamangira pa Chitakale pomwe panali magetsi, ndakhala m'shopu yometera, laputopu pa maondo, tsitsi la anthu likugwera pa mabatani. Ndakonza zomwe ndaona. Zomwe sindinaone ndi zimene zikundiopsa.

Loweruka
Holo yadzaza, alendo kutsogolo. A Makwinja anditchula "katswiri wathu". Ndadina. Kachizindikiro kakuzungulira, kakuzungulira. Kenako pakhoma ponse pomwe tikuonetsera lipotilo zilembo zofiira, pakati pake "chonde jambulani" mmodzi amene ndinamuphonya. Mayi wina mwa alendowo abisa nkhope mu mpango, mapewa akugwedezeka. A Makwinja sanatekeseke n'komwe. Andipatsa cholembera chachikulu, aloza pepala la pabolodi: "Wamva. Jambula."
Ndajambula mvula ya Thuchila. Mlimi wina kumbuyo: "Sinthani, tione kwathu ku Limbuli!" Ndatembenuza pepala, ndajambulanso. Wina watchula dera lake, winanso lake. Batani ndine. Pomaliza awomba m'manja, thukuta lili chuchuchu kumsana.

Lamulungu
Uthenga wa a Makwinja wafika m'mawa: alendo akondwa, ntchito ndipitiriza, ndipo pa misonkhano yonse ndizijambula chonchi chifukwa alimi akuti zikumveka. Inki yakana kuchoka. Kutchalitchi ndapereka moni ndi zala zabuluu. Laputopu ili pansi pa bedi, lero sindiitsegula. Phewa likuwawa. Mawa ndikapemphe mapepala ena, aja atha.